SOKETI YA M'GALIMOTO: DZIWANI MALIRE AKE MUSANALUMIKIZE CHIPANGIZO

Alimi anzathu, mwezi uno tikambirana za kabowo kakang'ono kamene kali kutsogolo m'kati mwa galimoto, kufupi ndi giya. Kale kabowoka ntchito yake inali imodzi yokha, kuyatsira ndudu. Lero ndi kumene tonse timathamangira pofuna kutchaja foni, kuyatsa nyale kapena kupopa matayala, ndipo ena amafuna kuwiritsirapo ngakhale madzi a tiyi. Dzina lake ndi soketi. Soketiyi ili ndi malire a magetsi amene ingatulutse, monga momwe ngolo ili ndi malire a matumba amene inganyamule. Mukawadziwa malirewo, idzakutumikirani zaka zambiri. Mukapanda kuwadziwa, mudzaotcha fyuzi, mudzapha batire, mwinanso mudzatentha galimoto yonse.

CHITSANZO CHA KU MUGHESE

Tiyeni titenge chitsanzo cha alimi a khofi a ku Mughese, m'mapiri a Misuku, m'boma la Chitipa. Dera limeneli lili kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, kufupi ndi mtsinje wa Songwe umene uli malire a Malawi ndi Tanzania. Minda ya khofi ndi nthochi ili m'malo otsetsereka, kufupi ndi nkhalango zotetezedwa za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Alimi ambiri kumeneko amagulitsa khofi wawo kudzera ku kopaletivi ya Misuku, imene ili m'bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union lomwe linakhazikitsidwa mu 2007.

Mlimi aliyense wa khofi amadziwa lamulo ili: khofi wothyoledwa lero asendedwe lero lomwe. Akagona m'matumba amatentha, amayamba kusasa, ndipo giredi yake imatsika pamodzi ndi mtengo wake. Tsono taganizani galimoto itapakira khofi wa alimi khumi, dzuwa likupendeka, dalaivala n'kutembenuza kiyi koma injini osalira, chifukwa kafiriji, wailesi ndi mafoni zakhala zikudya batire kuyambira m'mawa. Makaniko ali kutali, ndipo msewu wochokera ku Kapoka ndi wokwera komanso wokhotakhota. Khofi ameneyo agona m'thengo. Amene aluza si mwini galimoto yekha ayi, koma alimi khumi onsewo.

Nthawi yothyola khofi ndi nthawi yomwenso udzu umakhala utauma. Galimoto ikagwira moto pambali pa msewu, motowo sukhala pa galimoto pokha. Umalowa m'minda, mwinanso m'nkhalango imene imasunga akasupe a madzi otsukira khofi. N'chifukwa chake phunziroli ndi la mlimi aliyense, kaya wa khofi ku Misuku, kaya wa fodya ku Kasungu, ngakhale amene alibe galimoto yakeyake.

MAWU ATATU OFUNIKA KUWADZIWA

Pa chipangizo chilichonse cha magetsi pamakhala kachikwangwani kolembedwa manambala ndi zilembo V, A kapena W. Kuti muzimvetse, ganizani za madzi otsika mu paipi kuchokera mu thanki imene ili pa phiri.

V ndi mavoliti. Amenewa ndi mphamvu yokankha magetsi, monga momwe madzi amakankhira kwambiri thanki ikakhala pamwamba. Galimoto yaing'ono ili ndi 12V. Malole ambiri a dizilo ali ndi 24V. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ali ndi 230V.

A ndi maampu. Amenewa ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa mu waya, monga kuchuluka kwa madzi amene akudutsa mu paipi.

W ndi mawati. Amenewa ndi kukula kwa ntchito imene chipangizo chikugwira. Mawati timawapeza pochulukitsa mavoliti ndi maampu.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene muyenera kukugwiritsa. Paipi ikachepa, madzi amangotuluka ochepa basi. Waya satero. Waya wamng'ono sakana. Amalola magetsi onse amene chipangizo chikukoka kuti adutse, koma iye amatentha. Ndipo maampu akawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Apa ndi pamene pamayambira moto.

SOKETI IMANYAMULA ZINGATI?

M'magalimoto ambiri aang'ono amene timakwera m'dziko muno, soketi imanyamula 10A. Mukachulukitsa 10A ndi 12V mupeza 120W. Ndiye chifukwa chake pa chivindikiro cha soketi ya magalimoto ambiri a Toyota pamalembedwa 12V 120W. Magalimoto ena, makamaka mapikapu, soketi yake imafika 15A, kutanthauza 180W. Ochepa okha ndiwo amafika 20A.

Njira zodziwira malire a soketi yanu zilipo zitatu. Yoyamba, werengani pa chivindikiro cha soketiyo. Yachiwiri, werengani buku la galimotoyo ngati lilipo. Yachitatu, tsegulani kabokosi ka mafyuzi, kamene kawirikawiri kamakhala m'munsi mwa chiwongolero, ndipo muone fyuzi yolembedwa CIG kapena POWER OUTLET. Pa chivindikiro cha kabokosiko pamakhala chithunzi chosonyeza malo a fyuzi iliyonse. Ngati manambala a pa soketi ndi a pa fyuzi akusiyana, tsatirani nambala yaing'onoyo.

Chinthu china chofunika kudziwa ndi chakuti malire olembedwawo si oti muziwafika tsiku lonse. Ng'ombe imene ingakoke matumba khumi pa mtunda waufupi simuikoketsa matumba khumi kuchokera m'mawa mpaka madzulo. Chipangizo chimene chiziyaka nthawi yaitali chisapitirire 8A pa soketi ya 10A, kapena kuti mawati osaposa 100. Pa soketi ya 15A chisapitirire 12A.

MASAMU AKE NDI OSAVUTA

Onani mawati olembedwa pa chipangizo chanu ndi kuwagawa ndi 12. Yankho lake ndiwo maampu amene chipangizocho chikoke pa soketi. Nazi zitsanzo za zipangizo zimene zimapezeka kawirikawiri:

Nyale ya LED ya 5W imakoka pafupifupi theka la ampu imodzi.

Tchaja ya foni ya 10W imakoka pafupifupi 1A, ndipo yotchaja mofulumira imakoka pafupifupi 2A.

Kafiriji konyamula m'manja kamakoka 4A kapena 5A.

Kompyuta ya m'manja ya 65W imakoka pakati pa 5A ndi 6A.

Pampu yamagetsi yopopera matayala imakoka kuyambira 10A mpaka 15A.

Ketulo ya m'galimoto ya 120W imakoka 10A yonse, ndipo imatenga mphindi zoposa 40 kuti iwiritse lita imodzi ya madzi.

Mukaonetsetsa muona kuti zipangizo zounikira ndi zotchajira zimadya pang'ono. Zimene zimadya kwambiri ndi za mitundu iwiri: zotenthetsa zinthu ndi zokhala ndi mota. Dziwaninso kuti mota ikamayamba kuzungulira imakoka maampu ochuluka kangapo kuposa amene alembedwa, monga momwe ngolo imalemerera poyamba kuisuntha. Choncho pampu yopopera matayala muziigwiritsa ntchito injini ikulira, kwa mphindi zochepa, ndi kuipumitsa musanayambe tayala lina.

Masiku ano m'misika muli timapulagi togawa soketi imodzi kukhala mabowo atatu kapena anayi. Musanyengedwe. Mabowo achuluka, koma waya wa kumbuyo ndi mmodzi yemweyo ndipo fyuzi ndi imodzi yomweyo. Muyenera kuwonkhetsa zonse zimene mwalumikiza.

ZA INVERTER

Inverter ndi kabokosi kamene kamasandutsa 12V ya galimoto kukhala 230V yonga ya m'nyumba. Ambiri amaganiza kuti akagula inverter yolembedwa 500W kapena 1000W ndiye kuti galimoto yasanduka nyumba ya magetsi. Si choncho ayi. Inverter siipanga magetsi, imangowasintha, ndipo posinthapo imadyako ena. Nambala imene ili pa inverter ikunena za zimene inverteryo ingathe itapatsidwa magetsi okwanira. Sikunena za zimene soketi ingapereke.

Popeza inverter imadyako gawo lake, masamu ake ndi awa: mawati a chipangizo muwagawe ndi 10, osati 12. Makina ometera tsitsi a 15W akoka 1.5A, ndipo palibe vuto. Kompyuta ya 65W ikoka 6.5A, ndipo ikwana ngati ili yokha. Simbi yositira ya 1000W ifuna 100A, kuwirikiza kakhumi malire a soketi. Ketulo ya m'nyumba ya 2000W ifuna 200A. Mota ya 370W, yonga imene ena amafuna kuika pa makina aang'ono osendera khofi, ifuna maampu oposa 37 ikamayenda, ndipo poyamba kuzungulira ifuna ochuluka koposa. Zipangizo zitatu zomalizazi musaziyese n'komwe pa soketi.

Tiyerekeze tsiku loperekera khofi. Mlembi wa gulu walumikiza kompyuta yake pa inverter, 6.5A. Alimi asanu ndi mmodzi apempha kutchaja mafoni awo kuti athe kulandira mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mafoniwo pamodzi ndi 60W, kutanthauza 5A. Zonse pamodzi zakwana 11.5A pa soketi ya 10A. Fyuzi siipsa nthawi yomweyo, chifukwa katundu akapitirira pang'ono chabe fyuzi imapirira kwa nthawi ndithu. Koma nthawi yonseyo pulagi ndi waya zikutentha. Njira yabwino ndi yosinthana: kompyuta poyamba, mafoni pambuyo pake.

FYUZI NDI MLONDA WANU

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kuti kazisungunuka maampu akachuluka, waya asanatenthe. Fyuzi ikapsa, sikuti yalakwa. Yagwira ntchito yake, yapulumutsa galimoto yanu.

Mafyuzi a pulasitiki a mano awiri amadziwika ndi mtundu wake. Yofiira ndi 10A, yabuluu ndi 15A, yachikasu ndi 20A, ndipo yobiriwira ndi 30A. Nambala yake imalembedwanso pamwamba.

Fyuzi ikapsa chitani izi:

1. Zimitsani injini ndi kuchotsa kiyi.

2. Zulani chipangizo chimene munalumikiza ndi kuwerenganso mawati ake.

3. Suzumirani mu soketi. Kawirikawiri mumagwera kandalama kachitsulo, kamsomali kapena kachidutswa ka pulagi yothyoka, ndipo zimenezi zimaotcha fyuzi.

4. Ikani fyuzi ina ya mtundu womwewo ndi nambala yomweyo.

5. Ikapsanso musanalumikize kanthu, lekani. Waya wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo cha galimoto. Itanani makaniko wodziwa za magetsi.

Pali chizolowezi choipa chimene chafala m'misewu yathu, choika fyuzi yachikasu kapena yobiriwira pamene panali yofiira, kapenanso kumanga kawaya ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi. Kutero n'chimodzimodzi kuchotsa mlonda pa nkhokwe chifukwa choti akuchita phokoso usiku. Fyuzi yaikulu siikulitsa waya. Tsopano chimene chisungunuke si fyuzi ayi, koma chikopa cha waya chimene chili kuseri kwa mapulasitiki a kutsogolo, kumene simungaone kufikira utsi utatuluka. Fyuzi ndi yotsika mtengo. Gulani zingapo mukapita ku Chitipa kapena ku Karonga ndi kuzisunga m'galimoto.

PULAGI NDI MISEWU YA M'MAPIRI

Kumbukirani kuti soketi imeneyi anaipangira choyatsira ndudu, chimene chinkatentha kwa kamphindi kochepa n'kuzima. Sanaipangire zipangizo zoyaka maola ambiri. Pulagi imagwira mu soketi ndi timasipuling'i tating'ono basi. Pa msewu wa miyala ndi makwawa pulagiyo imagwedezeka, imatuluka pang'ono, ndipo magetsi onse amadutsira pa kansonga kochepa. Malo otero amatentha ngakhale maampu asanafike pa malire, ndipo fyuzi siidziwa kanthu. Fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha nkhungu ya m'mapiri zimawonjezera vutoli pobweretsa dzimbiri.

Choncho mukalumikiza chipangizo, pakapita mphindi khumi gwirani pulagi ndi waya wake. Kufunda pang'ono si vuto. Koma ngati zikuotcha chala, kapena mukumva fungo la pulasitiki wopsa, zulani msanga. Pulagi yosungunuka kunsonga muitaye. Soketi muziipukuta ndi kansalu kouma kiyi atachotsedwa, osati ndi waya kapena mpeni, ndipo muziitseka ndi chivindikiro chake.

MALOLE NDI NJINGA ZAMOTO

Malole ambiri onyamula mbewu ali ndi mabatire awiri olumikizana, ndipo soketi yake imatulutsa 24V. Bowo lake ndi lofanana ndi la galimoto yaing'ono, kotero kuti pulagi ya 12V imalowa bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chipangizo cha 12V mukachilumikiza pa 24V chimapsa nthawi yomweyo. Matchaja ena a foni amalembedwa 12-24V, ndipo amenewo mungawagwiritse ntchito ponseponse. Ngati sanalembe choncho, funsani dalaivala musanalumikize. Musatengenso 12V pa batire limodzi mwa awiriwo, chifukwa limodzi lidzafooka kuposa linzake ndipo onse awiri adzafa msanga.

Njinga yamoto batire lake ndi laling'ono kwambiri. Pamenepo mungatchaje foni yokha, injini ikulira.

BATIRE LILI NDI MALIRE AKENSO

Ngakhale chipangizo chitakwana pa soketi, funsaninso kuti chiyaka maola angati. Kukula kwa batire kumayesedwa ndi Ah, kutanthauza maampu kuchulukitsa ndi maola. Batire la N70, limene limapezeka m'mapikapu ambiri, lili ndi pafupifupi 70Ah. Pa masamu okha, kafiriji ka 5A kangayake maola 14. Koma batire la galimoto analipangira kuliza injini, ntchito yofuna maampu mazana kwa kamphindi kochepa. Silinapangidwe kuti lizitsitsidwa mpaka pansi, ndipo mukamatero kawirikawiri limafa msanga.

Lamulo labwino ndi lakuti injini ikakhala yozima musadye koposa gawo limodzi mwa magawo asanu a batire. Pa N70 ndiye 14Ah, kutanthauza kuti kafiriji kaja kasapitirire maola atatu. Batire likakhala lakale, chepetsaninso. M'miyezi yozizira ya June ndi July batire limafooka ndipo injini ya dizilo imavuta kulira m'mawa, choncho samalani koposa. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera mavoliti, batire lodzaza limene lapuma limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likafika 12.2V ndiye kuti latha theka. Injini ikamalira muyenera kuona pakati pa 13.5V ndi 14.5V, kusonyeza kuti alternator ikudzaza batire.

Dziwaninso kuti m'magalimoto ena soketi imazima mukachotsa kiyi, koma mwa ena imakhalabe ndi magetsi usiku wonse. Yesani yanu, ndipo zulani zonse musanakagone. Mukamaliza injini pofuna kudzaza batire, galimoto ikhale pabwalo. Utsi wa injini m'shedi yotseka umapha munthu mwakachetechete.

NANGA CHIPANGIZO CHIKAKHALA CHACHIKULU?

Chipangizo chokoka maampu oposa malire a soketi, monga inverter ya 300W kapena pampu yaikulu, chilumikizidwe pa batire penipeni ndi waya wonenepa ndi wamfupi. Pa waya wofiira, kufupi ndi mutu wa batire wolembedwa +, pakhale fyuzi yakeyake. Ntchito imeneyi aigwire makaniko wodziwa za magetsi. Musasute fodya kapena kuyatsa machesi pafupi ndi batire, chifukwa limatulutsa mpweya umene umaphulika.

Koma ngati gulu lanu limafuna magetsi tsiku ndi tsiku pa sikelo, kompyuta, nyale ndi mafoni, galimoto si yankho. Kambiranani zogula sola ndi batire lakelake lopangidwira ntchito yotero. Galimoto muisiye igwire ntchito yake yonyamula mbewu.

NGATI GALIMOTO SI YANU

Inu amene mumalima pa esiteti ya eni ake, ndi inu amene mumachita hayala galimoto nthawi yokolola, musalumikize kanthu musanapemphe dalaivala. Muonetseni chipangizo chanu kuti awerenge yekha manambala ake. Akakana, musamuone ngati wouma mtima. Akuteteza galimoto imene yanyamula thukuta lanu la chaka chonse, ndipo ikawonongeka mlandu wake ungakudyereni ndalama za mbewu yanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

1. Soketi ya magalimoto ambiri imanyamula 10A, kapena kuti 120W. Pa ntchito ya nthawi yaitali musapitirire 8A.

2. Mawati agaweni ndi 12. Ngati pali inverter, agaweni ndi 10.

3. Wonkhetsani zipangizo zonse zimene mwalumikiza pa soketi imodzi.

4. Fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi fyuzi ya nambala yomweyo.

5. Pulagi ikatentha, zulani.

6. Pa lole funsani ngati soketi ndi ya 12V kapena 24V.

7. Siyirani injini mphamvu yokwanira mu batire.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA GULU

1. Soketi yolembedwa 12V 180W imanyamula maampu angati? Nanga fyuzi yake iyenera kukhala ya mtundu wanji?

2. Mlimi ali ndi nyale ziwiri za 5W, mafoni anayi a 10W ndi kafiriji ka 5A. Kodi zonsezi zingayake tsiku lonse pa soketi ya 10A? Achotsepo chiyani?

3. Mnzanu wagula inverter ya 1000W kuti azisitira zovala pa soketi ya galimoto. Mumulangiza zotani?

Sabata ino, khofi asanachuluke, pitani pamodzi ndi dalaivala wa galimoto imene imanyamula mbewu za gulu lanu. Tsegulani kabokosi ka mafyuzi, pezani fyuzi ya soketi, ndipo nambala yake muilembe pa kapepala n'kukamata pafupi ndi soketiyo kuti aliyense wokwera aziiona. Pamene pakuvutani, funsani alangizi a m'dera lanu kapena makaniko wodziwa za magetsi.